Filimu ya ku Iran imene mwamuna na mkazi sagwilana dzanja

Imwe amene mumatamba mafilimu pa foni mu minibasi, sakilani A Separation ya Asghar Farhadi, ya mu 2011. Ni ya Chiperisiya, so muzawelenga mawu a pansi.

Ku Tehran, mkazi afuna kuchoka m'dziko na mwana wao wamkazi. Mwamuna akana, ati sangasiye atate ake odwala Alzheimer. Mkazi apita kwao. Manje mudala azamusamala ndani? Mwamuna alemba nchito mayi wina wosauka, wapakati. Mudala atadzikodzela, mayiyu ayamba watuma foni kufunsa odziwa za chipembedzo ngati kumusintha zovala ni tchimo.

Muzaona kuti azimayi avala mpango kumutu ngakhale m'nyumba mwao. Ni malamulo a mafilimu amene anabwela pambuyo pa 1979, ndipo mwamuna na mkazi saloledwa kugwilana pa kamera. Farhadi ni wochenjela maningi: tsiku limene mwamuna akankhila wanchito uja panja, chitseko chikubisilani. Mimba yachoka, nkhani yafika ku khoti, ndipo naimwe simungalumbile zimene munaona.

Inatenga Oscar mu 2012, yoyamba ya ku Iran.