Windo lakumbuyo likakana kutsika

Aliyense amene amakwera galimoto za matola pakati pa Mulanje Mission, Chitakale ndi pa Boma amalidziwa funso lakuti, “Adalaivala, windoli silitseguka?” Mayankho akenso ndi odziwika. Ena amangoti lidafa kalekale. Ena amatulutsa handulo imodzi yomwe idatsala n’kupatsira kumbuyo kuti mukapukusa mubweze. Galimoto zina mukayang’ana m’mphepete mwa galasi mumapeza mwakhomeredwa kamtengo kapena sikuludiraiva yakale, kuti galasilo lisagwere m’chitseko akaponda bampu.

Dalaivala saona vuto chifukwa windo lake limayenda. Ovutika ndi okhala kumbuyo, ndipo pamsewu wopita ku Mission ambiri mwa iwo amakhala a ulendo wa kuchipatala cha CCAP: mayi woyembekezera, gogo wachifuwa, mwana wotentha thupi ali pamiyendo pa mayi ake. Onsewa apanikizane m’Sienta mwezi wa Okutobala, mawindo ali chitsekere. A zaumoyo akhala akutiuza kuti TB imafala kudzera mumpweya, ndipo malo othinana osapita mphepo ndiwo oopsa kwambiri. Komanso pangozi chitseko chikapindika n’kukana kutseguka, khomo lotsala ndi windo lomwelo.

Chomvetsa chisoni n’chakuti mawindo ambiri amene amati adafa amakhala atangogwidwa ndi dzimbiri, ndipo dzimbirilo limayambira pa timabowo tomwe eni galimoto ambiri sadziwa n’komwe kuti tilipo.

Madzi a mvula amalowa m’chitseko cha galimoto iliyonse, ingakhale yatsopano. Amatsetsereka pagalasi, n’kudutsa pa labala wa m’mphepete, n’kugwera m’kati. Opanga galimoto amadziwa zimenezi, n’chifukwa chake kunsi kwa chitseko adasiyako timabowo tiwiri kapena titatu totulutsira madziwo. Kuno kwathu fumbi la chilimwe limalowa momwe mumalowa madzimo, n’kukaunjikana pansi. Mvula yoyamba ikabwera fumbi lija limasanduka matope, timabowo n’kutsekeka, chitseko n’kukhala ngati ndowa. Mukamva madzi akukhutchumuka potseka chitseko, dziwani kuti zitsulo za m’katimo zili m’dziwe.

Ku Mulanje zimenezi zimafulumira kuposa kwina. Mvula yomwe imachititsa kuti tiyi akondwe m’munsi mwa phirili ndi yomweyo imadya zitsulo, ndipo pomwe madera ena auma, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ife timakhala tili m’chiperoni. M’chitseko simupeza mpata wouma. Onjezani namondwe wa Freddy wa m’Malichi 2023. Galimoto zomwe zidamira kapena kudutsa m’madzi osefukira nthawi imene ija zidatsukidwa injini ndi mipando, koma ndi angati adatsegula zitseko n’kuchotsa matope? Zambiri mwa galimotozi zidabweranso kuchokera ku Japan zitatha kale zaka, girizi wa m’kati atauma. Windo lakumbuyo limayamba kugwidwa chifukwa ndilo silipukusidwa kawirikawiri. La dalaivala limatsika ndi kukwera tsiku lonse, pa rodibuloko paliponse.

Makina okweza galasi, omwe amakaniko amati regulator, alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi mkono wachitsulo, kapena mikono iwiri yopingasa ngati sizasi, yoyendetsedwa ndi giya ya mano. Ena amakoka galasi ndi kawaya kozungulira pa timawilo. A mikono aja ndi olimba, ndipo kawirikawiri amangofuna kutsuka. A waya, wayayo akayamba kunyenyeka ndi dzimbiri, palibe cholumikiza; amafunika wina. Alipo amisiri ena amene amaikamo waya wa buleki ya njinga yamoto. Zimagwira ndithu ngati kutalika kwake akuyeza bwino, koma akaphonya pang’ono waya amadumpha pa wilo, galasi n’kupendekeka.

Ngati windo ndi lamagetsi, musathamangire kumasula chitseko. Yambani mwaona batani la kwa dalaivala lomwe limakiya mawindo a apaulendo, chifukwa ena amavutika mwezi wathunthu batanilo litangodinidwa. Kenako fyuzi. Kenako mawaya odutsa m’kachubu ka labala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, omwe amaduka m’kati chifukwa chopindika tsiku ndi tsiku. Mukadina batani n’kumva mota ikung’ung’udza koma galasi osasuntha, siyani kudina. Magetsi akufika, chagwira ndi dzimbiri, ndipo kukakamiza kumangopsereza mota.

Ntchito yeniyeni si yozizwitsa. Handulo yopukusa imagwidwa ndi kawaya kopindika kuseri kwake. Mukalowetsa kansalu pampata n’kukokera uku ndi uku kamavuka, koma kagwireni, kakadumphira m’udzu simukapezanso. Chotsani chophimba cha chitseko mosamala, timapini take ta pulasitiki tikakalamba timathyoka msanga. Kuseri kwake mupeza pepala la pulasitiki lomatidwa pachitsulo. Pepala limeneli anthu amaling’amba n’kutaya, makamaka oika masipika, poganiza kuti ndi lokutira chabe la kufakitale. Ntchito yake ndi kubwezera madzi m’chitseko kuti asanyowetse chophimba ndi maswichi. Limatuleni bwinobwino, ndipo ngati lidatayidwa kale, dulani lina pa pulasitiki yokhuthala ngati yofolera nyumba.

Musanamasule bawuti iliyonse, kwezani galasi ndi manja n’kulimanga ndi tepi kumtunda kwa chitseko, kapena litchingeni ndi thabwa. Lembani ndi msomali pomwe mabawuti adakhala kuti pobwezera musasocheretse mzere. Pa Toyota zambiri sipanala ya 10 imakwanira ntchito yonse. Bawuti yogwidwa dzimbiri ithirireni parafini kapena mafuta omasulira, muisiye kwa ola, muigogode pang’ono, kenako muyese. Kuikakamiza ndi kuidula mutu, ndipo ntchito ya theka la tsiku imasanduka ya masiku awiri.

Pali malo amodzi oopsa. Makina a mikono ali ndi sipuling’i yamphamvu yothandiza kunyamula galasi. Pa amagetsi, chomwe chimagwira mkono kuti usafyatuke ndi mota. Mukamasula mota musanamange mkonowo ndi bawuti kapena kuupana pa vayisi, umafyatuka ngati msampha wa mbewa, kusiyana kwake n’kwakuti uwu ndi wachitsulo ndipo uli ndi mano. Zala zimaduka pamenepa. Amene sadagwirepo ntchitoyi ndi bwino gawo limeneli asiyire makaniko.

Makinawo akatuluka, kwechani ndi bulashi ya waya, tsukani girizi wakale ndi parafini. Zidutswa zogwidwa kwambiri zigonekeni mu viniga usiku umodzi, m’mawa muzitsuke ndi madzi, muziumitse padzuwa nthawi yomweyo n’kupaka penti yoteteza dzimbiri. Mano a giya, timawilo ndi njanji zomwe timayendamo zipakeni girizi watsopano. Chonde, oyilo wakuda wochotsa mu injini ayi. Ndi waulere, inde, koma amayenderera, amagwira fumbi, ndipo akakhudza labala amamufufumitsa mpaka galasi kumakanirira kuposa kale. Mafuta a buleki nawo amasupula penti, dzimbiri n’kupeza poyambira. M’ngalande za labala momwe galasi limatsetsereka mumangofunika kutsuka ndi madzi a sopo, ndipo ngati muli nayo, kupoperamo silicone.

Pa galimoto zakale, kunsi kwa galasi kumakhala kachitsulo kokhala ngati ngalande komwe kamalifungatira. Kameneka ndiko kamayamba kuola chifukwa madzi amakhazikika momwemo. Kakhoza kuwotchereredwa kapena kupangidwa kena, ndipo owotcherera athu amatha. Koma galasi lichoke kaye, likhale kutali. Tizitsulo tamoto tothetheka timaboola nkhope ya galasi, ndipo galasi la m’mbali likatentha mbali imodzi siling’aluka ngati lakutsogolo, limangoyoyoka lonse ngati mchere.

Eni Hilux Surf zakale, za m’zaka zoyambirira za m’ma 1990, ali ndi vuto lawolawo. Galasi la chitseko cha kumbuyo kwenikweni limatsikira m’chitsekomo ndi mota, ndipo chitsekocho sichitseguka galasi lisanatsike. Likagwidwa lili mmwamba, matumba a chimanga kapena nanazi muzilowetsera pa mipando, ndipo wokonza amayenera kukwawira m’kati kuti akamasule chophimba. Likagwidwa lili pansi, mvula ikakuona litsiro sikata: fumbi limalowa, akuba apeza khomo, ndipo mphepo ya kumbuyo kwa galimoto imakokera utsi wa ekizozi m’kati, momwe mwakhala ana. Utsi umenewo uli ndi mpweya wopanda fungo womwe umayamba ndi kupweteketsa mutu ndi kugonetsa tulo. Kuphimba ndi pulasitiki ndi tepi sikuutsekereza.

Zikakanika kukonzeka, makina ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka ku Limbe ndi ku Ndirande kwa ophwasula galimoto. Nyamulani akalewo popita. A kumanzere ndi a kumanja safanana, a kutsogolo ndi a kumbuyo safanana, ndipo Corolla ya chaka china imasiyana ndi inzake ngakhale kunja zikuoneka chimodzimodzi. Muone waya ngati sadanyenyeke, ndipo mota aiyese pa batire inu mukuona, mbali zonse ziwiri. Akatembenuza mawaya iyenera kubwerera. Ulendo wa ku Limbe ndi wodula kuti muuyende kawiri chifukwa cha chitsulo chimodzi.

Pobwezera, musamange mabawuti mpaka galasi litakwera ndi kutsika kangapo osapendekeka. Labala wa m’mphepete mwa galasi ngati adauma n’kung’ambika asinthidwe, apo ayi mvula ya chaka chino idzabweza zonse pomwe zidali. Musanatseke chophimba, tokosani timabowo ta pansi tija ndi waya wa sipoko ya njinga, muchotse matope ndi dzanja, kenako muthire botolo la madzi pagalasi kunja. Madziwo ayenera kutuluka pansi nthawi yomweyo. Akachedwa, tokosaninso, ndipo zitseko zitatu zotsalazo muzione tsiku lomwelo, chifukwa zidamwa fumbi limodzi.