Msilikali wopuma athandizidwe kufupi ndi kwawo

Kuyambira 2013 asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kum'mawa kwa DRC kukasungitsa mtendere. Mu Novembala 2018, asanu ndi mmodzi anaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 enanso atatu anafa polimbana ndi zigawenga za M23. Omwalirawo timawalira, koma obwerako amoyo timangoti ali bwino. Chonsecho ena akapuma ntchito n'kubwerera kumudzi, monga ku Benga m'boma la Nkhotakota, tulo saona, kaphokoso kalikonse kamawadzidzimutsa, amathawira ku kachasu, mpaka kuyamba kuganiza zodzipha. Wotereyu afunika chithandizo choyendera kuchokera kunyumba, zinthu zisanafike pomutengera ku Zomba Mental Hospital.

Ku Zomba n'kutali, thiransipoti ndi yodula, ndipo dzina lokhalo anthu amalimva ngati chigamulo cha misala. Mwamuna amene anaphunzitsidwa kupirira kusukulu ya asilikali ya MAFCO, ku Salima, sangalole msanga kupitako. Pachipatala chaching'ono cha Benga akhoza kukhala pamzere limodzi ndi odwala malungo, n'kubwerera kukagona kwawo. Umboni woti thandizo lotere limagwira ulipo. Kafukufuku wa Barbara Stanley ndi Gregory Brown, wofalitsidwa mu 2018, anaona asilikali opuma a ku America. Wodwala ndi wachipatala ankalemba limodzi zizindikiro zoti maganizo oipa ayamba, anthu owathamangira, ndi momwe angatalikitsire zinthu zoopsa, kenaka achipatala ankamuimbira foni. M'miyezi isanu ndi umodzi, mchitidwe wofuna kudzipha unachepa ndi 45 peresenti. Kwathu kuno zoopsazo ndi monga mankhwala a mbewu osungidwa m'nyumba.

Ena anganene kuti America ili ndi madokotala ambiri, ife tilibe. N'zoona, koma pepala ndi foni sizifuna katswiri. Ku Harare, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pabenchi kunja kwa chipatala, ndipo anthu anapeza bwino. Alangizi a zaumoyo angaphunzirenso, ngakhale ntchito yawachulukira kale, ndipo kuwasenzetsa ina popanda wowayang'anira kungakhale kudzinamiza. Alipo ndithu ofunika kugonekedwa, makamaka amene ayesapo kudzipha posachedwa. Amenewo atumizidwe msanga kuchipatala chachikulu cha Nkhotakota. Chofunika n'chakuti nthambi ya asilikali ya MDF, msilikali akamapuma, izimufunsa ngati alola kuti mbiri ya umoyo wake itumizidwe kuchipatala cha kwawo, kuti namwino wa ku Benga akhale ndi poyambira.