Kodi mumadziwa? Chiwindi chimayendera nthawi

Mbewa ziwiri zingadye mafuta ochuluka mofanana, ina n'kudwala chiwindi, inzake n'kukhala bwinobwino. Mu 2012, gulu la Satchidananda Panda ku Salk Institute, ku California, linapatsa mbewa chakudya chamafuta ambiri zedi. Zina zinkadya nthawi iliyonse imene zafuna, pomwe zina zinkapatsidwa chakudyacho kwa maola 8 okha usiku, nthawi imene mbewa zimakhala m'maso. Zonse zinadya mofanana, koma zongodya mosalekeza zija zinanenepa kwambiri, chiwindi chinadzaza mafuta, ndipo thupi linayamba kulephera kuwongolera shuga. Zinazo zinapewa ambiri mwa mavutowa. Choncho mlandu si wa mafuta okha ayi. Chiwindi chimafuna maola opanda chakudya kuti chiwotche mafuta amene chasunga, ndipo mbewa yodya usana ndi usiku siichipatsa mpata umenewo.

Ena angati mbewa si munthu, komanso chakudyacho chinali chopitirira muyezo, poti pafupifupi 60 peresenti ya mphamvu zake inkachokera ku mafuta. Akunena zoona, ndipo njira yodya kwa maola ochepa okhayi itayesedwa pa anthu, phindu lake silinafike pa la mbewa. Komabe magulu onse awiri ankadya chakudya chimodzimodzicho, ndiye chimene chinawasiyanitsa ndi nthawi yodyera basi.