Ampulifaya yabwino ndi mthenga wokhulupirika

M'zaka zotsatira 1975, pamene likulu la dziko lino linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe, ndipo akuluakulu a boma anayamba kulawirira ku Capital Hill ndi kubwerera madzulo kunyumba zawo za ku Area 10 ndi Area 43, m'zipinda zina zochezera munali chuma chimene mwininyumba anali kuchilemekeza koposa mipando: ampulifaya, bokosi lolemera la nkhope yonga siliva, lolembedwa Pioneer, Sansui, Kenwood kapena Marantz, lokhazikidwa pakati pa masipika awiri. Makolo awo anabwera ndi galamafoni kuchokera ku Joni, achinyamata anali kuvina gumbagumba, koma iwowa anafuna kumva nyimbo monga momwe inatulukira m'manja mwa woimba.

Ntchito ya ampulifaya njofanana ndi ya mthenga wa mfumu, amene ulemu wake wonse uli pa kufikitsa mawu osawonjezapo kanthu, osachotsapo kanthu. Mphamvu imene imachokera ku singano ya mbale, ku kaseti kapena ku foni njochepa zedi, yosatha kugwedeza sipika. Tsono ampulifaya imatenga magetsi a pakhoma ndi kuwaumba m'chifanizo cha mawuwo, kuti banjo ya Allan Namoko kapena gitala ya Daniel Kachamba imveke mokweza, koma ikhalebe banjo ndi gitala yomweyo. Khutu la munthu wachinyamata limamva kuyambira pa kunjenjemera 20 kufikira 20,000 pa sekondi, ndipo makina oyenera kutamandidwa ndi amene amakuza mawu onsewa mosakondera, osanenepetsa besi ndi kupondereza chitoliro.

Nzeru zimenezi sizinagwe kumwamba. Mu 1927 Harold Black wa ku America anapeza kuti kubwezera pang'ono mawu otuluka kumene analowera, motsutsana ndi olowawo, kumafafaniza zolakwa zambiri za makina. Mu 1931 Alan Blumlein wa ku Britain analembetsa luso la stereo, la njira ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja, limene limachititsa womvera, pokhala iye ali ndi makutu awiri, kuzindikira pamene paima woimba aliyense. Ndipo mu 1947 kunabadwa thiranzisita, imene pambuyo pake inalanda malo a mavalavu otentha amene ampulifaya zakale zinali kugwiritsa ntchito. Mbale za stereo zinayamba kugulitsidwa ponseponse mu 1958.

Iye amene afuna kudziwa mtima wa ampulifaya ya mtundu wakale ayambe wainyamula, pakuti kulemera kwake kumachokera ku thiransifoma ndi makapasita aakulu amene amasunga mphamvu, kuti ng'oma ikagunda modzidzimutsa makina asaperewere mpweya. Pambali pamakhala zipsepse za aluminiyamu zotaya kutentha, popeza ampulifaya zambiri za nthawi imeneyo, za gulu lotchedwa AB, zimasandutsa gawo lalikulu la magetsi kukhala kutentha. Zamakono za gulu la D nzopepuka ndi zosatentha kwambiri, ndipo zopangidwa mwaluso siziyenera kunyozedwa.

Koma pano mpamene ogula ambiri amapusitsidwa. Woyenda m'masitolo a ku Old Town ndi m'mbali mwa msewu wa Malangalanga adzaona makina a nyali zothwanima, olembedwa ma watts zikwizikwi ndi zilembo PMPO, chiwerengero chimene chilibe muyeso wovomerezeka; ndipo akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Muyeso woona ndi wa RMS, wonena mphamvu imene njira iliyonse ingapereke kosalekeza ku sipika ya ma ohms 8 popanda kuipitsa mawu. Ampulifaya ya NAD 3020, imene inatuluka mu 1978 ndi kutchuka padziko lonse, inalembedwa ma watts 20 okha pa njira iliyonse, komabe inali kudzaza chipinda ndi mawu oyera. Ndiponso kuchulukitsa ma watts kawiri kumakweza mawu pang'ono chabe. Kuti khutu limve kukwera kowirikiza, pafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi.

Makina akakakamizidwa kupyola malire ake, nsonga za mawu zimadulidwa, nyimbo imayamba kukanda m'makutu, ndipo kasipika kakang'ono ka mawu oonda kamatha kupsa. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Chimodzimodzinso, womangirira masipika ambiri panjira imodzi amatsitsa ma ohms, nasenzetsa mathiranzisita katundu woposa msinkhu wawo.

Mwini wa makina otere muno mu Lilongwe akumbukirenso kuti magetsi athu ndi a ma volts 230, pamene katundu wopangidwira msika wa ku Japan amafuna 100 ndipo wa ku America amafuna 120. Kulumikiza wotereyu pakhoma popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu ndiko kumupha tsiku lomwelo. Magetsi akazima azimitse makina, awazule pakhoma nthawi ya ziphaliwali za dzinja, ndipo apukute fumbi la mwezi wa Okutobala limene limatseka mipata yopumira.

Tikudandaulira onse amene anasiyiridwa makinawa ndi atate awo kuti asafulumire kuwataya. Makapasita amauma ndi ukalamba, zokwezera mawu zimalira ndi dothi, koma zonsezi mmisiri wodziwa ntchito yake angathe kuzikonza pamtengo wochepa poyerekeza ndi kugula zatsopano za mtundu womwewo. Oimba athu, kuyambira MBC Band kufikira Alleluya Band ya ku Balaka ndi Wambali Mkandawire, anakhetsa thukuta polinganiza liwu lililonse pamalo pake, ndipo nkoyenera kuti ana athu amve ntchito imeneyo yathunthu, kuti adziwe kusiyanitsa nyimbo ndi phokoso.