Hita ikamatulutsa mphepo yozizira

M'miyezi ya June ndi July, oyenda m'mamawa cha ku Dedza kapena ku Chikangawa ndi omwe amadziwa kufunika kwa hita ya m'galimoto. Hita ilibe moto wakewake. Imatenga kutentha kwa madzi a mu injini, omwe amadutsa m'karediyeta kakang'ono kuseri kwa dashibodi.

N'chifukwa chake ine ndimayambira pa madzi. Dikirani injini izizire kaye, chifukwa madzi otentha angakuwauleni, kenako onani ngati achepa. Ngati ali okwanira, lizani injini itenthe, mukhudze mosamala mapaipi awiri olowera kuseri kwa dashibodi. Paipi ina ikatentha ina n'kukhala yozizira, n'kutheka kuti karediyeta kaja katsekeka ndi dzimbiri, lomwe nthawi zambiri limabwera chifukwa chothira madzi a pampopi okhaokha.

Onse awiri akakhala ofunda pang'ono chabe, ganizirani thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini. Amakaniko ena kuno amaichotsa ati injini isamatenthe, ndipo zimenezi zimandiwawa: injini imachedwa kufika pa madigiri pafupifupi 90 omwe imafuna, n'kumamwa mafuta ambiri.

Ngati mphepo sikutuluka n'komwe, onani fyuzi ndi fani. Musazengereze kukonzetsa, chifukwa hita yomweyo ndi imene imachotsa nthunzi pagalasi lakutsogolo.