Thukuta ndi fizikisi: bwanji tiyenera kumwa madzi ambiri nyengo yotentha?

Okutobala akafika kuno ku Malindi sipafunika kalendala. Mchenga wa kunyanja umawotcha mapazi, malata a m'kalasi amachita kulira, ndipo pofika masana theka la kalasi limakhala likuwodzera. Ena amati ndi ulesi, ena njala, koma nthawi zambiri vuto ndi madzi amene achepa m'thupi. Lero ndikufuna tiione nkhaniyi ndi fizikisi yomwe timaphunzira m'kalasi ija.

Thupi ndi mbaula yosazima

Thupi limaphwanya chakudya kuti lipeze mphamvu, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo limasanduka kutentha. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, ngati babu lakale lija. Akamathamanga kapena kupalasa bwato, nambalayi imakwera kangapo. Komabe m'kati mwa thupi muyenera kukhala pafupi ndi 37°C nthawi zonse.

Tiyeni tiwerengere. Tiyerekeze kuti mnzanu wolemera makilogalamu 50 akusewera mpira ndipo akutulutsa mawati 500. Pa ola limodzi ndiye kuti 500 × 3,600 = majoule 1,800,000. Specific heat capacity ya thupi la munthu ndi pafupifupi majoule 3,500 pa kilogalamu pa digiri iliyonse. Mukagawa 1,800,000 ndi 50 × 3,500 mupeza 10 ndi kakanenepa. Kutanthauza kuti kutenthako kukadakhala kuti sikukutuluka, thupi lake likadafika 47°C mpira usanathe. Palibe munthu angakhale moyo pamenepo. Ndiye kutenthako kumapita kuti?

Njira ziwiri zikatsekeka

Mukukumbukira convection ndi radiation. Njira zimenezi zimachotsa kutentha pakhungu pokhapokha ngati zotizungulira zili zozizirapo kuposa khungulo, chifukwa kutentha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira. Khungu limakhala pa 33°C mpaka 35°C. Mu Juni zimenezi zimayenda bwino. Koma masana a Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja, mpweya ukapitirira 35°C, njirazi zimatembenuka: mpweya, malata ndi mchenga ndi zomwe zimayamba kutithira kutentha. Pamatsala njira imodzi yokha, thukuta.

Apa mvetsetsani: thukuta silikuziziritsani chifukwa choti mwanyowa ayi. Limaziziritsa likamasanduka nthunzi. Kuti madzi asanduke nthunzi amafuna mphamvu yambiri, latent heat ija, ndipo amaitenga pakhungu panu. Pa kutentha kwa khungu, kilogalamu imodzi ya thukuta imachoka ndi majoule pafupifupi 2,400,000. Mtsuko wa agogo umagwira ntchito chimodzimodzi: madzi pang'ono amatuluka m'timabowo ta dothi n'kuuma kunja, otsala m'kati n'kumazizira.

Tibwerere kwa wampira uja. 1,800,000 ÷ 2,400,000 = makilogalamu 0.75, omwe ndi mamililita pafupifupi 750, mabotolo awiri ndi theka a Fanta. Amenewo ndi madzi a ola limodzi lokha, ndipo sitinawerengere thukuta longodontha pansi, lomwe limapita pachabe.

Chifukwa chake chinyezi chimasautsa

Funsani amayi oyanika usipa pa thandala. Tsiku la dzuwa ndi mphepo usipa suchedwa kuuma, koma mvula ikayandikira, mpweya uli ndi chinyezi, umachedwa. Thukuta nalonso ndi choncho. Mpweya ukakhala kuti uli kale ndi nthunzi yambiri, thukuta limangoyenderera osauma, inu n'kumataya madzi koma osazizira. N'chifukwa chake kudzikupiza ndi kope kumathandiza: mukuchotsa mpweya wonyowa pakhungu n'kubweretsa wouma. N'chifukwa chakenso jekete kapena juzi masana a Novembala si fashoni, ndi kudzizunza.

Zoyenera kuchita

Thukuta limachokera m'madzi a m'magazi. Mukapanda kubwezera, magazi amachepa, mtima umagunda mofulumira, mutu umapweteka, ndipo zomwe aphunzitsi akunena sizilowa. Choncho musadikire ludzu lalikulu. Imwani madzi musanachoke kunyumba, nyamulani botolo, ndipo pa mpira kapena netiboli muzimwa pang'onopang'ono pafupipafupi. Choyezera muli nacho kale: mkodzo. Ukakhala woyererako zili bwino. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, thupi likupempha madzi. Koma ukaoneka wofiira ngati muli magazi, imeneyo ndi nkhani ina. Akhoza kukhala likodzo, pitani kuchipatala.

Madziwo akhale otetezeka: a pamjigo kapena pampopi, owiritsa, kapena othira WaterGuard. Tonse tikukumbukira momwe kolera idavutitsira boma la Mangochi mu 2022 ndi 2023. Madzi a m'nyanja otunga ndi manja akhoza kukupha ludzu lero, mawa n'kukutsegulani m'mimba, madzi n'kuthera ratu.

Wina akataya madzi ambiri, kaya ndi thukuta kapena kutsegula m'mimba, amatayanso mchere. Mpatseni Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Musadzaze supuni ngati phiri, ndipo musawonjezere mchere. Shugayo ali ndi ntchito yake: amathandiza matumbo kuyamwa mchere, ndipo madzi amatsatira.

Zikafika poipa

Mnzanu akamva chizungulire, mseru kapena kukokana kwa minofu, asiye masewera, akhale pamthunzi, amasule zovala ndi kumwa madzi. Koma akayamba kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka thupi lili moto, imeneyo ndi heat stroke, ndipo imapha. Kutentha kwa m'thupi kukadutsa 40°C ubongo umayamba kuwonongeka. Mugonekeni pamthunzi, mthireni madzi thupi lonse, mkupizeni mwamphamvu, wina athamange kukaitana aphunzitsi kapena munthu wamkulu. Musamumwetse kanthu ngati sakudziwa zomwe zikuchitika, angatsamwe. Pitani naye msanga ku St Martin's kapena chipatala chomwe chili pafupi, ndipo pitirizani kumunyowetsa m'njira monse.

Kumbukiraninso kuti si kutentha thupi kulikonse komwe kumabwera ndi dzuwa. Kuno kwathu malungo ndi ambiri, choncho thupi likatentha musangomwa panado n'kugona, kayezetseni magazi.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi: nyowetsani kumbuyo kwa dzanja limodzi, lina likhale louma, kenaka uzirani onse awiri. Lomwe likumva kuzizira ndi liti? Fotokozani chifukwa chake pogwiritsa ntchito latent heat, ndipo tidzamve mayankho anu m'kalasi. Pobwera musaiwale botolo la madzi.