MAHEDIFONI OCHIPA A MASEWERA: WOGULA AYANG'ANE CIANI?

Malonda a cimanga, nshawa ndi thonje akatha, makolo ena m'maboma a Chipata, Katete ndi Petauke amalandira pempho limene kale kunalibe. Mwana afuna mahedifoni, zija zobvala kumakutu zokhala ndi kolankhulira kace, kuti azicitira masewera a pa foni monga PUBG Mobile ndi Free Fire. M'masewera amenewa munthu amalankhulana ndi anzace a gulu limodzi, ndiponso ayenera kumva ngati mdani akubwerera kumanzere kapena kumanja. Ndiye cifukwa cace kacipangizoka kali ndi nchito ziwiri: kumvetsa bwino mwini wace, ndi kutumiza mau ace kwa anzace.

Mwa mahedifoni a mtengo wotsika, amene anachuka kwambiri ndi HyperX Cloud Stinger. Anayamba kugulitsidwa m'caka ca 2016 pa mtengo wa pafupi-fupi madola 50 a ku America. Kumeneko amati nzochipa, koma kwa mlimi ndalama zotere ndi matumba angapo a cimanga.

Ubwino wace woyamba ndi kupepuka, pakuti alemera magalamu 275 cabe, ndipo sapweteka mutu msanga. Khutu liri lonse liri ndi sipika ya mamilimita 50, ndipo mau a mapazi ndi a mfuti amamveka mosiyana bwino. Kokwezera mau kali pa khutu la kumanja. Kolankhulira kakatukulidwa m'mwamba kamazima kokha, kotero kuti amai akaitana mwana kukatunga madzi, anzace a ku Lusaka kapena ku Nairobi sakumva za m'nyumba. Coposa zonse kwa munthu wa kumudzi ncakuti mahedifoni awa ndi a waya. Safuna batiri, safuna kuchaja. Amene anaona kubvuta kwa magetsi m'caka ca cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, adziwa kufunika kwa cinthu cotere.

Zofooka zace ziliponso. Waya wace ndi womangirira, sacoka, ndipo ukaduka m'kati pafupi ndi pulagi, monga mawaya ambiri acitira, khutu limodzi limafa kufikira atapezeka wodziwa kulumikiza. Thupi lace lalikulu ndi pulasitiki, cosayenera kukhalidwa kapena kuponyedwa m'cola ca mabuku. Zofewa za kumakutu ndi cikopa congopanga: m'mwezi wa October zimacititsa thukuta, ndipo pakapita nthawi zimasupuka. Phokoso la kunja nalonso limalowa ndithu.

Koma zimene zadzaza m'misika si zimenezi. Ambiri ndi mahedifoni a maina osadziwika, a nyali zofiira ndi zobiriwira, olembedwa "7.1" pa bokosi ndi malemba akulu-akulu. Nyalizo sizionjezera kanthu pa mau. Za 7.1 nazonso wogula asatengeke nazo, pakuti m'kati muli masipika awiri okha; zija zomveka ngati mau akuzungulira mutu zimacitika ndi pulogalamu imene kawiri-kawiri imafuna kompyuta, ndipo pa foni sizigwira nchito. Coyenera kuyang'ana ndi kamsonga ka pulagi. Kakakhala ndi timizere titatu, kamanyamula mau a makutu onse awiri pamodzi ndi a kolankhulira. Timizere tiwiri ndiye kuti kolankhulira kali ndi pulagi yace-yace ya pa kompyuta, kapena kalibe. Foni nayo iyang'anidwe ngati iri ndi kabowo ka mamilimita 3.5, cifukwa kucokera pamene Apple inakacotsa pa iPhone 7 mu 2016, mafoni ambiri atsopano alibe, ndipo pafunika kugula kolumikizira kena.

Wogula wanzeru amapita ndi foni yace ku sitolo, nayesa khutu liri lonse palokha, najambula mau ace ndi kuwamvera, nagwedeza waya kuti amve ngati mau akuduka-duka. Lisiti alisunge, pakuti bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, limene limamva madandaulo a ogula, lidzafuna umboni wa kugula.

Pali cina cimene bokosi silinena. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, World Health Organization, linacenjeza kuti acinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ngozi ya kuononga makutu cifukwa ca kumvera mau okweza. Muyeso wace ndi uwu: mau a madesibelo 80 munthu wamkulu angamvere maola 40 pa mlungu, koma akafika pa 90, maola otetezeka ndi 4 okha. Mu March 2025 bungweli, pamodzi ndi International Telecommunication Union, linatulutsa malangizo okhudza masewera otere makamaka. Apa ndi pamene mahedifoni olowetsa phokoso amabvulaza, pakuti mwana wosewera m'basi kapena pafupi ndi cigayo amakweza mau kufikira pothera kuti amve mapazi a mdani. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Mwana amene akabvula mahedifoni amamva kulira m'makutu, kapena amene wayamba kufunsa kawiri-kawiri kuti "mwati bwanji?", atsitse mau ace tsiku lomwelo, ndipo kulirako kukapitirira apite naye ku cipatala akamupime.